Mutu 11: Kulawa ndi Kusakaniza, Phunziro la Cinyanja Locokera Pamsika wa Mbeu

11.1 MAU OYAMBA

Mai akamaphika ndiwo sadya mphika wonse kuti adziwe ngati mcere wakwana. Amayamba wavundula, kenaka amatapako msuzi pang'ono ndi cipande, nadonthezera pacikhatho, nalawa. Kadontho kameneko ndiko kamaimira mphika wonse. Koma taonani dongosolo lake: kuvundula kumatsogola, kulawa kumatsatira. Mai amene walawa asanavundule angathe kunena kuti ndiwo zilibe mcere, nathiramo wina, pamene woyamba uja wangokhala pansi pa mphika.

Nzeru imeneyi, imene mwana aliyense amaiona pakhomo pao, ndi yomweyo imene imagwira nchito kumigodi, kumafakitale, kuzipatala ndi kumisika ya mbeu. Dokotala satunga magazi onse a wodwala kuti apeze malungo, ndipo wogula cimanga saluma njere iriyonse ya m'thumba. Onsewa amatapako pang'ono naweruza zambiri.

Mwina mudzafunsa kuti, kodi nkhani yotere ikufunanji m'buku la kaphunzitsidwe ka Cinyanja? Zifukwa zake ndi zitatu. Coyamba, ambiri a inu mudzatumizidwa ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, madera amene kufikira caka ca 2018 anali boma limodzi la Lundazi. Makolo a ana anu kumeneko amalima cimanga, nsawa, soya, thonje, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo phindu la thukuta lao la caka cathunthu kawirikawiri limaweruzidwa ndi njere zocepa zimene wogula watapako. Caciwiri, cinenero cimakula pamene cipatsidwa katundu wolemera woti cisenze. Ngati Cinyanja cathu cingokhala ca nthano za Kalulu ndi Fisi zokha, ana adzaganiza kuti nzeru zeni-zeni zimakhala m'Cingelezi mokha. Cacitatu, inu eni ake mudzakhala mukulawa kalasi lanu tsiku ndi tsiku, monga tidzaonera kumapeto kwa mutu uno.

11.2 ZOLINGA

Pomaliza mutu uno, muyenera kukhoza:

(a) kufotokoza m'Cinyanja comveka cifukwa cake cotapako cina cimanena zoona ndipo cina cimanama;
(b) kusiyanitsa aneni onena za kutapa, kusakaniza ndi kulekanitsa zinthu;
(c) kutsogolera phunziro la kulankhula ndi kulemba locokera pa zoyesera zosavuta;
(d) kukonza njira yanu yofunsira mafunso m'kalasi.

11.3 ZIMENE MPHUNZITSI AYENERA KUDZIWA

Mphunzitsi sangagawe cimene alibe. Cotero musanaime pamaso pa ana, mvetsani bwino mfundo zinai izi.

(a) Cifukwa cotapako

Bungwe la Food Reserve Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, limagula cimanga m'matumba a makilogalamu 50, ndipo limafuna kuti cinyontho ca cimangaco cisapitirire magawo 12.5 pa 100, pakuti cimanga conyowa cimaola m'nkhokwe. Thumba limodzi lotere liri ndi njere zoposa 100,000. Palibe kalaliki amene angayeze zonsezo. Iye amabaya thumba ndi citsulo cosongoka ca mphako, njere zocepa zimatuluka, naziika m'makina oyezera cinyontho. Tsono ganizirani mlimi amene anathira cimanga couma bwino pansi pa thumba, nadzazitsa pamwamba ndi cina cosaumitsa. Kalaliki akabaya pamwamba pokha, thumba lonse lidzaoneka lonyowa. Akabaya pansi pokha, lidzaoneka louma, ndipo lidzakaononga anzake m'nkhokwe. Makina sananame pa kuyeza konse kuwiri. Cimene canama ndi katapidwe.

(b) Ciphunzitso ca Pierre Gy

Munthu amene anasandutsa nkhaniyi kukhala phunziro la masamu ndi Mfalansa wina dzina lake Pierre Gy, amene anabadwira ku Paris mu 1924 namwalira mu 2015. Nchito yake anaiyambira muno mu Afirika mu 1946, pa mgodi wa mtovu wa M'Fouati m'dziko la Congo la Brazzaville. Kumeneko anafunsidwa kuti anene kuculuka kwa mtovu m'mulu waukulu wa miyala, ndipo anaona kuti panalibe njira yodalirika yotapira m'mulu wotero. Funso limeneli analitsata moyo wake wonse, ndipo buku lake lalikulu la m'Cingelezi linatuluka mu 1979. Mfundo zake tingazifupikitse motere.

Yoyamba: kanthu kalikonse ka m'mulu kayenera kukhala ndi mwai wofanana wa kutapidwa. Dzanja lotapa pamwamba pa mulu lamana mwai zonse za pansi. Ndiye cifukwa cake kuli bwino kutapa pamene mbeu zikukhuthulidwa kucoka m'thumba lina kulowa m'linzake, podutsitsa cotengera m'mtsinje wonse wa mbeuzo kangapo, kusiyana ndi kutapa pamulu woima.

Yaciwiri: kutapa pang'onopang'ono m'malo ambiri, n'kuphatikiza zonsezo, kumapambana kutapa kwambiri pamalo amodzi.

Yacitatu: zinthu za mibulu ikuluikulu zimafuna cotapako cacikulu. Mwa kuwerengera kwake, ngati mwaphwanya mibulu yonse kuti msinkhu wake utsike ndi theka, kulemera kwa cotapako cofunika kumatsika pafupifupi kasanu ndi katatu. Motero lamulo ndi lakuti: sinjani coyamba, gawani pambuyo.

Pamwamba pa zonsezi, Gy anaphunzitsa kuti colakwa cocitika potapa sicingakonzedwe ndi makina a mu labotale, ngakhale akhale a mtengo wapatali cotani.

(c) Citsanzo ca cuku m'nsawa

Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nsawa zocokera ku Brazil. Ofufuza anapeza kuti cinazipha ndi poizoni wopangidwa ndi nkhungu yochedwa Aspergillus flavus, imene ife timaicha cuku, ndipo poizoniyo anamucha aflatoxin. Iye amaononga ciwindi, angayambitse khansa, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumucotsa. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya cimanga ca cuku.

Cobvuta ca poizoni ameneyu n'cakuti safalikira mofanana m'thumba. Amaunjikana m'njere zowerengeka, zina zonse ziri bwino. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti njere imodzi pa 100 iriyonse ndiyo yoipa, ndipo thumba ndi losakanizika bwino. Mukatapa njere 10 zokha, pa maulendo 10 alionse mudzalephera kukumana ndi yoipa pafupifupi maulendo 9. Mukatapa njere 100, mudzalephera pafupifupi maulendo 37 pa 100. Mukatapa njere 300, mudzalephera pafupifupi maulendo 5 okha pa 100. Ici ndico cifukwa cake bungwe la maiko onse loona za miyezo ya zakudya, la Codex Alimentarius, linakhazikitsa kuti poyeza nsawa za malonda zopita ku fakitale, cotapako cikhale ca makilogalamu 20, ndipo poizoni asapitirire magawo 15 pa magawo 1,000,000,000. Makolo anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pano mwambiwu ukukwanira ndendende, pakuti njere zocepazo zikasinjidwa pamodzi ndi zinzake, ciponde conse caipa.

Ana a ku Lundazi amazidziwa nsawa, kaya Chalimbana wakale uja kaya MGV4 ndi MGV5 zocokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata. Cimene ambiri sadziwa n'cakuti kuwaza madzi pa nsawa kuti zifewe posenda kumaitana cuku, ndiponso kuti nsawa zofota ndi zakuda zimene zasankhulidwa pokonzekera msika siziyenera kusinjidwa kuti zitenderedwe m'ndiwo za pakhomo. Mwana akamva zimenezi m'cinenero comveka, adzakazinena kwao.

(d) Kusakaniza ndi kulekana

Kusakaniza ndiko mnzake wa kutapa. Pa thumba la feteleza wa D pamalembedwa manambala 10, 20 ndi 10. Tanthauzo lake n'lakuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 5 a naitirojeni, 10 a fosifeti ndi 5 a potashi. Lonjezo limeneli liri ndi phindu pokhapokha ngati kapu iriyonse imene mlimi athira paphando iri ndi zitatu zonsezo pamlingo womwewo. Cimodzimodzi, mu 1998 Zambia inalamula kuti shuga wa pakhomo aziikidwa vitamini A. Pamenepo kanthu kocepa kwambiri kayenera kufalikira m'matumba zikwizikwi. Mmisiri womanga amasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga ndi inai ya miyala, natembenuza ndi fosholo zisanathiridwe madzi kufikira mtundu wake ukhale umodzi. Mlimi wothira mankhwala a fumbi m'cimanga poopa anankafumbwe nayenso ayenera kutero. Njira yabwino yosakanizira cocepa m'cambiri ndiyo kuyamba kucisakaniza ndi gawo laling'ono, kenaka kumaonjezera pang'onopang'ono.

Koma dziwani kuti zosakanizidwa sizikhala zosakanizika mpaka kale-kale. Zinthu zosiyana msinkhu zikagwedezeka zimalekana: zazing'ono zimalowerera pansi, zazikulu zimatsala pamwamba. Pothira mulu, zazikulu zimagubuduzika kupita m'mphepete, zosalala zimatsala pakati. Thumba limene layenda pangolo ya ng'ombe kucokera kumudzi kufika kudepoti lafika misere ndi fumbi ziri pansi. Mai wopeta ndi licero amagwiritsa nchito lamulo lomweli mwadala.

11.4 MAU OFUNIKA

Musanayambe kubwereka mau, fufuzani m'nkhokwe ya cinenero cathu. Lembani aneni awa pabolodi m'magulu atatu.

Otenga gawo: kutapa, kutunga, kulawa, kutsina, kubenthula.
Ophatikiza: kusakaniza, kuvundula, kutakasa, kutembenuza, kukanda.
Olekanitsa: kusankha, kupeta, kusefa, kuuluza, kutsenjula madzi a pamwamba mwa kutsanula.

Mau amenewa si ofanana. Timatunga za madzi, timatapa ufa kapena njere. Timavundula phala, timakanda dothi kapena ufa wa zitumbuwa. Lolani ana kuti akangane pa kusiyana kumeneku, pakuti m'kukangana kotere ndimo mau amakhazikika m'mutu.

Taonaninso kamphatikiri ka -ko. Yerekezani ziganizo izi: "Tenga cimanga" ndi "Tengako cimanga", "Imwa madzi" ndi "Imwako madzi". Pa nchito zake zingapo, -ko amasonyeza kuti cotengedwaco ndi gawo cabe la cinthu cacikulu. Cotero Cinyanja ciri kale ndi njira yonenera nzeru imene Gy anailemba m'masamu. Ndiye cifukwa cake m'mutu uno ndagwiritsa nchito liu lakuti cotapako, zambiri zotapako. Ena amati citsanzo, koma liu limeneli ana analizolowera kale pa tanthauzo lina, monga ponena kuti "Pereka citsanzo ca dzina". Enanso amati sampulo. Muwauze ana kuti liu lobwerekali adzalimva kudepoti ndi kucipatala, koma ayambe amvetsa nzeru yake m'mau ao.

Phunziro lino ndi mpata wabwinonso wobwereza za misintho ya aneni: kusakaniza, kusakanizidwa, kusakanizika, kusakanikirana; kulawa, kulawitsa, kulawidwa. Funsani ana kusiyana kwa "Nyemba zasakanizidwa" ndi "Nyemba zasakanikirana". Pa coyamba pali munthu amene wacita. Pa caciwiri sitikunena za wocita.

Kumbukirani kuti ana ambiri a ku Lundazi amalankhula Citumbuka pakhomo. Kwa iwo nsawa ndi skawa, cimanga ndi vingoma, ndiwo ndi dende, kusakaniza ndi kusazga, kulawa ndi kuceta. Mwana akayankha ndi liu la kwao, musamuseke kapena kumukalipira. Lembani liulo pambali pa la Cinyanja, mumuyamike, kenaka anene ciganizo conse m'Cinyanja. Mwana amene wanena kuti kusazga wamva phunziro. Catsala ndi liu cabe.

11.5 DONGOSOLO LA PHUNZIRO

Kalasi: Giredi 6. Nthawi: mphindi 80. Zipangizo: makapu 9 a nyemba zoyera, kapu imodzi ya nyemba zofiira za msinkhu wofanana, ndowa, zitsekerero za mabotolo, botolo loonekera mkati, nsawa zosenda, mcenga wouma ndi thumba loyala pansi.

Gawo 1, mphindi 10. Yambani ndi mafunso: Kodi amai anu amadziwa bwanji kuti mcere wakwana? Ndani anaperekezapo makolo kokagulitsa mbeu? Wogula anacita ciani asananene mtengo? Lembani aneni amene ana achula.

Gawo 2, mphindi 15. Ana asanalowe, thirani nyemba zofiira pansi pa ndowa, zoyera pamwamba. Mwana mmodzi atape pamwamba ndi dzanja, anene zimene ziri m'ndowa. Adzati muli zoyera zokha. Khuthulani pathumba onse akuona. Funsani mwambi woyenera pamenepa. Wina adzakumbuka cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Gawo 3, mphindi 20. Sakanizani bwino nyembazo. Gulu lirilonse litape ndi citsekerero ca botolo kasanu, liwerenge zofiira ndi zoyera ulendo uliwonse, lilembe. Adzaona kuti mayankho akusiyana kwambiri: ena sapeza yofiira konse, ena apeza zitatu. Tsono aphatikize zotapako za magulu onse pabolodi. Ciwerengero ca onse pamodzi cidzayandikira nyemba yofiira imodzi pa 10 ziri zonse, cimene ndico coonadi. Musawauze yankho, alipeze okha nalinene m'ziganizo zathunthu.

Gawo 4, mphindi 10. Thirani nsawa m'botolo, mcenga pamwamba pake, mugogode botolo pathebulo kambiri. Ana afotokoze zimene zacitika pogwiritsa nchito mau monga poyamba, kenaka, pambuyo pake, potsiriza.

Gawo 5, mphindi 10. Sonyezani kugawa panai. Unjikani nyemba, phwathalitsani muluwo, muudule pakati kawiri kuti pakhale magawo anai. Cotsani magawo awiri oyang'anana modutsa, sakanizani otsalawo, mubwereze kufikira patsale dzanja limodzi. Iyi ndi njira yakale yocepetsera cotapako cacikulu popanda kusankha ndi maso.

Gawo 6, mphindi 15. Mwana aliyense alembe ndime ya ziganizo zisanu ndi cimodzi pa mutu wakuti "Malangizo kwa wogula nsawa". Poconga, yang'anani dongosolo la mfundo, aneni olamula ndi kagwiritsidwe ka -ko.

11.6 KALASI LANU NALO NDI THUMBA

Pamene ndinali kuphunzira za zinenero kunja kwa dziko lino, ndinabwera kumudzi kudzasonkhanitsa mau a kafukufuku wanga. Popeza ndinalibe njinga, ndinafunsa anthu a paboma okha: aphunzitsi, makalaliki ndi ogulitsa m'masitolo. Nditabwerera, ndinalemba monyadira kuti mau ena akale anthu anawaleka. Mphunzitsi wanga anangofunsa funso limodzi: "Unafunsa akazi angati a kumidzi?" Ndinalibe yankho. Ndinali nditatapa pamwamba pa thumba, ndipo nchito ya miyezi itatu inafunika kubwerezedwa.

Colakwa comweci ndaciona nthawi zambiri poyendera ophunzira athu m'masukulu. Pa sukulu ina ya m'boma la Lundazi, wophunzira wina anaphunzitsa bwino ndithu kalasi la ana oposa 70. Pomaliza anafunsa mafunso asanu, ndipo onse anayankhidwa bwino ndi ana anai a kutsogolo amene anali kukweza manja. M'buku lake analemba kuti phunziro lamveka. Ndinamupempha kuti tiitane mwana wacisanu ndi ciwiri aliyense motsata kaundula, kuti awerenge ndime yomweyo. Ambiri a iwo anakakamira pa mzere woyamba. Wophunzirayo sanali waulesi ai, anangolawa asanavundule.

Dzanja lokwezedwa ndi njere ya pamwamba. Mwana wamanyazi, mtsikana wokhala kumbuyo, mwana amene Cinyanja cimamubvuta, amenewa ali pansi pa thumba, ndipo ngati simuwafikira mudzadziwa za iwo pa mayeso a Giredi 7, nthawi itatha kale. Cotero tsatirani malamulo awa:

(a) Lembani maina a ana onse pa timapepala, muike m'citini, mugwedeze, mutole osayang'ana. Bwezeranimo dzina limene latoledwa kuti mwiniwake asagone.
(b) Funsani funso coyamba, dikirani pang'ono, dzina lichulidwe pambuyo.
(c) Potenga makope oti muconge, musatenge a pamwamba pa mulu okha, pakuti amenewo kawirikawiri abwera nthawi imodzi kucokera kumbali imodzi ya kalasi.
(d) Musaweruze mwana ndi mayeso amodzi. Tinchito tating'ono tambiri pa temu yonse timanena zoona koposa.
(e) Popanga magulu, sakanizani ana a nzeru zosiyana, anyamata ndi atsikana. Ndipo musinthe magulu kawirikawiri, popeza ana naonso amalekana monga nsawa ndi mcenga.

11.7 NCHITO YA OPHUNZIRA

1. Fotokozani m'mau anu mfundo zitatu za Pierre Gy, monga mungazinenere kwa mwana wa Giredi 6.
2. Lembani ziganizo khumi zosonyeza nchito zosiyanasiyana za -ko. Ndi ziti zimene zikusonyeza gawo la cinthu, ndipo ndi ziti zimene zikusonyeza malo kapena ulemu?
3. Pitani pamsika wapafupi, mumvetsere mau amene ogula ndi ogulitsa mbeu amagwiritsa nchito poyeza, monga meda, ndi poyesa ubwino wa mbeu. Nenani anthu amene munawafunsa, ndi amene munawasiya, ndi cifukwa cake.
4. Lembani kukambirana kwa mizere 20 pakati pa mwana wa sukulu ndi agogo ake amene afuna kusinja nsawa zofota. Mwanayo alankhule mwaulemu woyenera.
5. Pa nthawi yoyesera kuphunzitsa, pemphani mnzanu kuti ajambule kakhalidwe ka kalasi lanu papepala, naike cizindikiro pa mwana aliyense amene mwamufunsa funso kwa masiku atatu. Bweretsani pepalalo kukoleji kuti tidzakambirane.